Batani la ku Mkono wa Kumanzere

Achimwene okondedwa,

Landirani moni, inu ndi alamu ndi ana onse kumeneko. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Amayi miyendo ndi yomwe ija, koma pakamwa sipadwala, mukuwadziwa.

Kalata yanu ndinalandira. Mwati mwapeza munthu woti azidzakhala ndi bambo, kuwasambitsa, kuwaveka ndi kuwadyetsa, kuti ine ndipumeko. Mtima wanu ndauona ndipo ndathokoza. Koma musanamutumize werengani kaye mpaka pansi, chifukwa ndili ndi mlandu woti ndiulule.

Mukudziwa kuti sitiroko ija inafooketsa dzanja lamanja la bambo, dzanja lomwe linasoka mayunifolomu athu onse. Atatuluka m'chipatala, adokotala anatiuza kuti tizipita ku chipinda china kuseri kwa kolandirira mankhwala. Ine ndinkayembekezera makina. Ndinapeza kakhitchini, mpopi, makapu, maloko ndi makiyi ake, zopanira zovala pachingwe, ndi nsalu ya mabatani yokhomedwa pathabwa. Ndinayesa tasochera.

Mwini chipindacho ndi mayi wamfupi wa imvi za kutsogolo. Ntchito yawo ndi kuphunzitsa odwala ngati bambo kuchitanso zinthu za tsiku ndi tsiku. Amaphunzitsanso ku sukulu ya zaumoyo, ndiye amayenda ndi ophunzira atatu pambuyo ngati anapiye. Bambo anawapatsa dzina loti Amayi a Mabatani, ndipo eni ake amavomera.

Tsiku loyamba sanayambe ndi za matenda. Anafunsa bambo chinthu chomwe achisowa kwambiri. Bambo, ndi lilime lolemera lija, anati singano. Mayiwo anauza ophunzira kuti alembe mawu amenewo pamwamba pa fayilo, chifukwa ndi komwe ulendo ukulowera.

Kenaka anatifotokozera za kafukufuku wawo. Akuti dzanja likafooka, munthu amalisiya n'kumachita zonse ndi linzake, mpaka ubongo umaliiwala. Ndiye iwo amaveka dzanja labwinolo chigolovesi chonga cha ophika buledi, maola angapo pa tsiku, kuti lofookalo lizigwira ntchito. Akufuna kudziwa ngati njirayi ingayende kunyumba, achibale akuyang'anira. Bambo anavomera. Ine anandipatsa pepala loti m'mawa uliwonse ndizilembapo mabatani amene bambo amanga okha.

Achimwene, mlandu wanga ndi uwu. M'mawa woyamba ndinaima pakhomo la kuchipinda ndikuona bambo akulimbana ndi batani limodzi, thukuta lili kamukamu. Telala wa zaka makumi anayi, batani likuwapulumuka ngati sopo wonyowa! Mumtima ndinati mwana woleredwa bwino sangaonerere kholo likuvutika chonchi. Ndinawavula chigolovesi, ndinawamanga mabatani onse, papepala ndinalemba sikisi. Ndinachita zimenezi masabata atatu. Bambo ankangoyang'ana kudenga.

Chinandigwiritsa ndi batani la ku mkono. Tsiku lina titangolowa, mayiwo anagwira mkono wa kumanzere wa malaya a bambo n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa ophunzira kuti batani limenelo limamangidwa ndi dzanja liti. Mmodzi anayesa pa malaya ake, n'kuyankha kuti lamanja lokha, linalo silifikapo. Koma la bambo linali lomangidwa bwinobwino, chinthu chomwe dzanja lawo lofooka lija silikanatha.

Apa ndi pomwe ndinawadziwira mayi amenewa. Sanandichititse manyazi pagulu. Anatuma ophunzira onse atatu kuti akatenge fayilo imodzi, n'kutseka chitseko. Anandiuza kuti si ine woyamba, ndipo sindidzakhala womaliza. Anati chikondi changa ndi chigolovesi chachiwiri, kungoti ndachiveka dzanja lolakwika. Anatinso manambala anga si athu okha: adzawaphatikiza ndi a mabanja ena, ndipo anthu osatidziwa adzasamalira odwala awo potengera zomwe zapezeka. Ziro woona, anatero, amathandiza kuposa sikisi wabodza.

Kenaka anafunsa bambo chifukwa chake sananene. Bambo anayankha pang'onopang'ono kuti ankandimvera chisoni, chifukwa ndinkaoneka wofunitsitsa kuthandiza. Achimwene, mawu amenewo anandilasa. Ine ndimati ndikuwachitira chifundo, pamene iwo akupereka dzanja lawo kuti ine ndisakhumudwe.

Mankhwala anga anandipatsa pomwepo. Anati bambo akamavala, ine ndizikhala pampando manja ndawakhalira. Ndinayesa nthabwala, koma ananditengera mpando n'kundionetsa. Mpaka lero ndimatero. Amayi athu akadutsa amandifunsa kuti mazirawo aswa liti.

M'mawa woyamba wa chilungamo bambo anamanga batani limodzi, tiyi atazizira kawiri. Ndinalemba wani, kenaka ndinakalira kubafa. Nditapereka pepalalo, mayiwo analikweza m'mwamba kuti ophunzira aone, ngati ndabweretsa satifiketi. Anawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wophunzira amene sangathe kudikira batani limodzi akafune ntchito ina.

Chomwe chinandigonjetsa kwenikweni ndi ichi. Sabata yotsatira anabwera ndi pepala latsopano. Anawonjezerapo mzere wofunsa kuti wachibale wathandiza kangati. Pamaso pa ophunzira awo anati cholakwa china chinali chawo, chifukwa pepala loyamba lija linalibe malo oti munthu anenepo zoona popanda manyazi. Munthu wophunzira chonchija kuvomera yekha kulakwa, ine sindinaonepo. Anandipemphanso kuti ndikalankhule m'kalasi mwawo. Ndinapita, ndinawauza zonse zimene ndakuuzanizi.

Panopa bambo akumanga okha mabatani asanu, ndipo kapu ya tiyi akuinyamula osataya kwambiri. La ku mkono lija silinatheke. Mayiwo sanatilonjeze kuti dzanja lidzabwerera mmene linalili. Anangoti masabata atatu aja anapita, tisatayenso ena.

Ndiye chonde, achimwene, munthu wanu uja musamutumize. Angakhale wabwino bwanji, adzachita zomwe ndinkachita ine, ndipo adzazichita mwaluso tsiku lonse. Ngati mukufuna ndipume, bwerani patchuthi mudzandilandire pampando. Koma ndikukudziwani, inu amene munawanyamula bambo m'manja mpaka m'galimoto iwo akukana. Mpandowo udzakuwawani kuposa ine.

Mu envelopu muno mupeza kansalu kabuluu kokhala ndi batani. Asoka ndi bambo, ndi singano ya diso lalikulu imene mayi aja anawapezera. Zinawatengera masiku anayi, ndipo ine sindinakhudze ngakhale ulusi. Batanilo lapendekeka, kumbuyo ulusi wapanga mfundo. Bambo ati ndikuuzeni kuti kupendekekako akukuona okha, alamu asayerekeze kulikonza. Atinso pobwera mutenge malaya onse oduka mabatani, koma musabwere ndi changu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa azakhali mukawaona. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
wokhalira manja uja.