Ndamumeta Yekha Yohane

Lachinayi, mwezi wa Juni. Chiperoni tsiku lonse. Mumtimamu muli zii.

Mawa tikumeta maliro a mwana wanga Simoni, amene anaphwanyidwa ndi mtanda wachitsulo pomanga nyumba yosungiramo fodya ku Limbe. Mawa lomwelo mwana wake Yohane ali ndi mayeso kwa azungu a zomangamanga. Akakhoza akhala kapitawo woimika mitanda yomweyo. Akajomba mwayi wapita, ndipo pakhomo pano palibenso wina wapantchito.

Masana ndinamupeza atagoneka thabwa pa njerwa ziwiri, mtondo wanga atausanjika pakati.

"Agogo, taonani. Likagona chonchi likupindika, koma ndikaliimika cham'mbali silipindika. Chitsulonso n'chimodzimodzi."

"Ukawauze abambo ako kumanda," ndinatero.

Anangowerama. Pakamwa pangapa!

Achimwene, eni mbumba, akuti wosametedwa pamodzi ndi abale amayenda ndi maliro kumutu. Ine ndatenga lumo dzuwa lisanalowe, ndamukhazika Yohane pa thabwa lomwelo, ndamumeta yekha kuti mawa apite kumayeso. Achimwenewo akalalate mawa, ndilipo.

Tsitsi lake ndalimanga pakansalu, ndikaliphatikiza ndi lathu. Misozi sinabwere. Koma tsitsilo, abale, ngati la Simoni, lolimba, lobunthitsa lumo...