Okyeame Anandichapira Mawu

Mlongo wanga Kwarteng,

Ndikhulupirira uli bwino ku Temako, pamodzi ndi mlamu wanga Serwaa ndi ana. Kuno tadzuka. Amayi bondo lija likuwavutabe, koma fufu akumeza bwinobwino, usade nkhawa.

Mtsinje ndiwo sunadzuke. Kuyambira pamene okumba golide anaika makina awo kumtunda, madzi akuoneka ngati phala. Ukachapira nsalu yoyera, umabwera nayo yofiira.

Lamulungu lapitali Nana, mfumu yathu, anaitanitsa mudzi wonse kubwalo. Ukundidziwa, ine sindizungulira. Ndinavula nsapato, ndinaima, nkuti, Nana, tiuzeni pano, mtsinje wathu mwagulitsa zingati?



Okyeame Amankwa, wowalankhulira Nana uja, anakweza ndodo yake, natembenukira kwa Nana. Akuti, Nana, mdzukulu wanu Dufie wati ana ali ndi ludzu, ndipo wa ludzu sathamangira kwina koma kwa mwini mudzi.

Ndinakuwa kuti ine sindinanene zimenezo! Anthu anafa nacho chiseko. Afrakoma wogulitsa nsomba uja akuti khala pansi Dufie, akuphikira ndiwo zako, iwe unabweretsa zaziwisi. Ndinamuuza kuti akaphike kaye nsomba zake zonunkha zija.

Nana ananong'oneza pang'ono. Okyeame nkulengeza kuti Nana amva kulira kwa ana, iwo sanapereke mtsinje kwa munthu, ndipo pa mwambo wa Akwasidae ukubwerawu akufuna munthu amene anaona ndi maso ake yemwe analowetsa makinawo.

Kwarteng, chinthuchi chandizunguza mutu. Nana anali pompo, makutu ali nawo, chilankhulo ndi chimodzi. Nanga mawu anga adzere m'kamwa mwa wina chifukwa chiyani? Takula tikuziona, koma sindinafunsepo mpaka atachapa anga.

M'mawa mwake ndinalondola Okyeame kumunda wake wa koko. Ndinati agogo, mwandinamizira pagulu. Anandipatsa chikwanje kuti ndizisadza uku tikulankhula.

Akuti mawu ako Nana anawamva onse, ndipo anawalasa. Koma ndikanawabwereza momwemo, chikanakhala chitonzo kwa mpando waufumu. Akulu akanakulipitsa nkhosa, tsiku lonse likanathera pa nkhosa yako, za mtsinje osazikhudza. Akuti ako anali oti Nana amve, anga anali oti athe kuyankha.

Ndinafunsa kuti nanga zomwe Nana ananong'oneza zija, zinalidi kulira kwa ana? Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Akuti mdzukulu wanga, zija ndiye ndinachapa kawiri.

Mpaka lero ndikufunitsitsa kudziwa kuti Nana ananditchula chiyani.

Tsopano mvera. Ndinafunsanso kuti munthu atatchula dzina la mkulu wokhala pambali pa Nana penipeni, zingathe bwanji? Anasiya kuseka. Akuti ndodo ili ndi ntchito imeneyo, woneneza mkulu amaneneza kudzera mwa iye, ndipo palibe angamugwire pabwalo.

Ukudziwa chomwe ndinafunsira. Galimoto yomwe inanyamula makina aja unayendetsa ndiwe, usanapite ku Tema. Unandiuza wekha kuti amene anakuyembekeza pamphambano nakulozera njira ya kumtsinje ndi amalume a Boadu. Lamulungu lija anakhala pambali pa Nana, nsalu yatsopano paphewa, akugwedeza mutu ngati omva chisoni.

Ine ndikanena, ati Dufie ndi wapakamwa, wangomva. Iwe unaona. Ndikudziwa kuti ndi mlongo wawo wa amayi, ndikudziwanso kuti munda wawo wa koko umayembekeza kuti udzakhala wako. Ukalankhula, mwina sudzaupondanso. Sindikunamiza kuti nzopepuka. Koma amayi omwewo akumwa madzi amenewa.

Bwera pa Akwasidae. Usavutike kusalaza mawu, alipo wolipidwa ulemu pa ntchito imeneyo. Udzangovula nsapato nkunena momwe zinalili. Ine ndidzakhala kutsogolo, pakamwa nditatseka, chifukwa ndikufuna ndimve ndi makutu anga mmene Okyeame adzanenere mokoma kuti amalume athu anagulitsa mtsinje.

Undiperekere moni kwa Serwaa, umuuze kuti ndakubwereka masiku ochepa chabe. Ana uwapsompsone. Mulungu akusunge panjira, akulimbitsenso mtima.

Ndine mlongo wako,
Dufie