Ndinawalonjeza kuti palibe adzawazindikire

Aphungu, ndilandireni,

Ndine mtolankhani wa pa wailesi, ndipo ndagwira ntchitoyi zaka zitatu. Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga, chifukwa cha manyazi.

Miyezi iwiri yapitayo tinkakonza pulogalamu ya nkhanza za m'banja. Mlamu wanga, mkulu wake wa mkazi wanga, anandiuza za mayi wina wosoka zovala pakhonde la golosale, kuseri kwa msika. Mlamu amasoketsa komweko, ndipo ndi amene anawatsimikizira mayiwo kuti ndine munthu wosunga pakamwa.

Poyamba anakana. Ndinapitako katatu. Ulendo wachitatu anaimitsa makina n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwana wanga, abambo akunyumba akangomva, ine ndatha." Ndinayankha kuti, "Mayi, musade nkhawa. Dzina sititchula, ndipo mawu anu tiwasintha pa kompyuta. Ngakhale ana anu sadzakuzindikirani."

Tinalowa m'kachipinda kosungiramo nsalu, n'kukhala pakati pa milu ya mayunifolomu a ana asukulu. Anayankhula mphindi makumi anayi. Anapinda malaya n'kundionetsa chipsera cha simbi paphewa. Pomaliza anaseka pang'ono, nati mtima wawapepuka.

Tsiku loulutsa ndinachedwa ku msonkhano wina, ndipo ndinafika pa wailesi kutatsala mphindi makumi awiri. Dzina ndinadula, koma mawu sindinasinthe. Ndinadziuza kuti anthu ofanana mawu ndi ambiri. Aphungu, mayiwo amachita chibwibwi pang'ono, ndipo kumbuyo kunkamveka mwini golosale akuitanira makasitomala. Pofika m'mawa mwake msika wonse unali utadziwa.

Amuna awo anamva kwa anzawo kuntchito. Anawamenya, anaphwanya makina ndi hamala, n'kuwathamangitsa pamodzi ndi ana awiri. Pano akukhala kwa mng'ono wawo, m'chipinda chimodzi anthu asanu ndi awiri. Akamadutsa pamsika anthu amanong'onezana kuti, "Ndi aja anakayanika za m'nyumba pa wailesi."

Lolemba lapitali anabwera kuntchito kwathu. Anakhala pa benchi yofikira alendo kuyambira m'mawa mpaka masana, mkono uli m'bandeji. Ndinawaona kudzera pagalasi, n'kukabisala m'chipinda chosungiramo zipangizo. Atapita, mlonda anandipatsira uthenga wawo: "Muwauze kuti sindinabwere kudzakangana. Ndimangofuna andiyang'ane."

Mkonzi wathu ndinamunamiza kuti kompyuta inavuta. Iye anati, "Zimachitika izi achimwene. Koma pulogalamuyi yatchuka, mafoni sakusiya kulira. Kawapezenso mayiwo tipange gawo lachiwiri." Akufunanso kuitumiza ku mpikisano wa atolankhani.

Mlamu anasiya kubwera kwathu, ndipo ndikamupatsa moni amayang'ana kumbali. Mkazi wanga akundifunsa chimene tinayambanirana. Ndikakhala kutsogolo kwa maikolofoni mawu amandithera. Ndikaulula, mwina andichotsa ntchito, pomwe tili ndi mwana wakhanda. Kodi ndingosiya ndekha mwakachetechete? Nanga mayiwo ndikawaonekere ndi nkhope yanji?

D.T.M.

Bambo D.T.M.,

Mwachita bwino kulemba, koma sindikunyengererani. Kompyuta sinalakwe, nthawi sinalakwe. Pa mphindi makumi awiri zija mukanatha kuika nyimbo n'kuuza omvera kuti pulogalamu ibwera sabata yamawa. Mukanakalipiridwa, basi. Munasankha kupulumutsa nkhope yanu, ndipo amene walipira ndi mayi amene anakupatsani chinsinsi cha moyo wake. Munthu akavomera kuyankhula pa lonjezo, lonjezolo likasweka chilolezo chake chathanso. Munaulutsa chinthu chimene sanakuloleni.

Madzi akatayika saoleka, koma anu akutayikabe. Lero lomwe, musanaganize za kupepesa, onetsetsani kuti pulogalamuyo yachotsedwa pa tsamba la wailesi la pa intaneti, isabwerezedwenso, ndipo isapite ku mpikisano uliwonse. Munthu aliyense watsopano amene akuimva ndi chilonda china kwa mayiwo ndi ana awo.

Izi sizitheka mkonzi wanu asanamve zoona, choncho muuzeni, ndipo mulembenso papepala. Gawo lachiwirilo mukane poyera. Sindingakulonjezeni kuti ntchito yanu ipulumuka. Chimene ndikudziwa n'chakuti mlandu suola, ndipo kuulula nokha n'kosiyana ndi kugwidwa. Kusiya ntchito mwakachetechete ndiye ayi. Kumeneko n'kubwereranso m'chipinda cha zipangizo chija.

Mkazi wanu muuzeni musanapite kwa mkonzi, chifukwa zikavuta mavutowo adzakhala a nonse. Mlamu wanu mum'pepesenso. Anakuikirani umboni, ndipo tsopano ndi iye akuoneka wachinyengo pamaso pa mnzake.

Kwa mayiwo musangotulukira. Tumizani uthenga kudzera kwa mlamuyo, ngati avomera, kufunsa ngati akufunabe kukuonani, komanso malo oti mukakumane. Pasakhale pamsika. Pitani opanda chojambulira mawu, foni ili m'thumba. Nenani mawu ochepa: munalonjeza, simunachite, ndipo tsiku lija munawaona n'kubisala. Musakalire, kuopa kuti iwo angayambe kukutonthozani. Kenako khalani chete muwamvere.

Afunseni chimene akusowa. Mwamuna wophwanya makina ndi hamala akhoza kubweranso, ndiye chitetezo chawo ndi cha ana chikhale patsogolo. Auzeni za apolisi oona za nkhanza za m'banja, za kalata ya kuchipatala yochitira umboni mkonowo, ndi za mabungwe omenyera ufulu wa amayi amene amathandiza pa malo okhala ndi pa milandu. Akafuna, aperekezeni. Akakana, musapite m'malo mwawo. Munawasankhira kale kamodzi. Wailesi yanu nayo iyenera kuwabwezera makina osokera, popanda kuwasainitsa pepala loti atseke pakamwa, ndipo ali ndi ufulu wokadandaula kwa oyang'anira ntchito za atolankhani, ngakhale dzina lolembedwa pamenepo likhale lanu.

Mwina sadzakukhululukirani. Umenewo ndi ufulu wawonso, musawakakamize.

Chenjezo langa ndi ili, bambo. Kalata yanu sinatuluke momwe munailembera. Ndasintha ntchito ya mayiwo, chiwerengero cha ana awo ndi zina zingapo, ndipo zilembo za dzina lanu si zimenezo. Munalemba zonse mwatchutchutchu, mpaka mtundu wa chitseko cha nyumba imene abisalamo, m'kalata yopita m'nyuzipepala imene amuna awo angathe kugula. Ndikanapanda kuona, mukanawaulula kachiwiri. Mtima wanu wasweka, ndikukhulupirira, koma dzanja lanu silinaphunzire. Musalembenso za munthu amene ali pangozi musanadzifunse kuti mawa adzadzukira kuti.

Phungu wanu