Inhela yatsala m'jekete

Lachitatu, Epulo. Mtima suli m'malo.

Bambo a Tadala aimba foni masana kuchokera ku Israel, komwe anapita ndi a kutchalitchi. Akuti mawa m'mamawa akwera wapansi phiri la m'chipululu, kukaona linga lakalekale pamwamba pake. Ndawadandaulira kuti anasiya jekete lawo, iwo n'kuseka: "Amayi a Tadala, jekete kuchipululu? Mukufuna ndikapse?" Foni n'kuduka.

Madzulo ano ndati ndilichape jeketelo. M'thumba ndapezamo inhela yawo ya mphumu, ija amapopera akangokwera masitepe a m'basi ya ku Dudley. Nambala ya hotelo sanandisiyire, abusanso ali nawo konko. Tadala akulira, ine ndangoifumbata inhelayo.

Ambuye, mwina anagula ina. Mwina.