Kadzidzi wa a Meja

Lolemba, 5 Febuluwale 1996

Mvula tsiku lonse. Ana anga a Sitandade 2 ndawaphunzitsira pakhonde la tchalitchi, pansi pa mtengo wathu uja sipakukhalika.

A B, amuna anga, bambo a Happiness, abwera kuchokera ku Zomba mano ali panja. Akuti kampani yawo ya alonda yagula makina a asilikali oonera mumdima. Si tochi ayi. Amaona kutentha kwa thupi. Munthu akabisala m'chimanga amaoneka woyera mbee ngati mzukwa. A Meja, abwana awo amene anapuma ku usilikali, anakawatenga okha ku Joni kwa anthu ogulitsa zida zotsala kunkhondo. Alonda awapatsa kale dzina, Kadzidzi. Ndipo wonyamula Kadzidziyo ku esiteti ndi a B, poti anafika Fomu 2.

Ndawafunsa za majombo ndi marenikoti amene alonda akhala akupempha chiyambire mvula. Ati, "Amayi a Happiness, izi ndi za chitetezo, simungazimve." Chabwino. Zala zawo zakumapazi zikusupuka ndi matope, wozisambitsa ndi madzi amchere ndine, amene sindimva za chitetezo.

Lachitatu, 7 Febuluwale

A Meja anaitanitsa anthu pageti la esiteti. Anafika pa galimoto yoyera, alendo awo akumwa Fanta, ife chiimirire padzuwa. Kenako ankatilowetsa awiriawiri m'balani ya fodya, atatseka chitseko, kuti tione chozizwitsacho. Chinthu chake ngati wailesi yaikulu, cholemera, chimalira kuti nziii. Ndaikapo diso. Ndaona amuna anga ataima pakona, oyera, opanda maso, opanda pakamwa. Ena amaombera m'manja. Ine sindinakonde.

Che Hamadi, telala wa pa Songani, amuna a mnzanga Zuwena, anafunsa za njira yodutsa m'chimanga cha esiteti. Ati, "Bwana, timadzera mmenemo popita kutsidya. Kuli apongozi anga odwala." A Meja ati njira sanatseke, wosaba asaope, makina salakwa. Che Hamadi ati, "Nanga amadziwa nkhope?" A Meja anangoseka, alendo awo nkusekanso.

Lachisanu, 9 Febuluwale

A B akadzuka nkhani ndi Kadzidzi basi. Akuti dzulo anaona kalulu ali kutali ngati apa ndi pamjigo. Ndiye tidye kaluluyo?

Loweruka, 10 Febuluwale

Zuwena amulumitsa agalu a esiteti.

Ndi mwezi wa Ramadani, ndiye iye amadzuka kusanache kuphika daku, chakudya chawo cham'bandakucha. Lero ananyamula phala kupita nalo kwa mayi ake kutsidya, kudzera njira yomwe ija a Meja anati sinatsekedwe. Agalu anamugwetsa pakati pa munda. Mwendo wakumanzere auwononga, mnofu wa katumba kulendewera. Phala lotentha linamukhuthukira pakhosi. Anamunyamula pa njinga mpaka pa Naisi, kenako matola kupita kuchipatala ku Zomba.

Zuwena amene ndinakula naye. Amene anandigwira dzanja ndikubereka Happiness, azamba atachedwa.

A B abwera m'mawa, sanadye, agona chotembenukira kukhoma. Ndawafunsa kuti ananyamula Kadzidzi ndani usiku. Adzifunditsa bulangete mpaka kumutu.

Lamulungu, 11 Febuluwale

Kutchalitchi sindinapite, ndinapita kuchipatala. Amusoka. Milomo yauma gwa koma akukana madzi, akuti akusala. Anamwino anachita kumukalipira kuti wodwala sasala. Atandiona anati, "Alesi, ndinakuwa dzina langa. Ndinati ndine Zuwena, mkazi wa telala. Sanamve?" Ndinangokonza chitenje chake.

Nditabwerako ndinawapeza a B kuseri kwa nyumba akusenda nzimbe osadya. Ndinaima pamaso pawo mpaka analankhula. Akuti anaona munthu akubwera m'njira, osati m'mizere, akuyenda mosabisala. Pamutu pake panali chinthu chowala kuposa thupi lonse, ndiye kuti chotentha. Anauza a Aufi, kapitawo wawo, kuti uyu si wakuba, wasenza chakudya chamoto. A Aufi ati lamulo la a Meja ndi lakuti choyera chikayenda m'munda, masulani agalu, mafunso pambuyo. Anzawo anamasula agaluwo.

Ndati, "Ndiye inu munatani?" Ati, "Ndinathamanga kukawachotsa." Ndati, "Atamaliza kudya?" Anataya nzimbe nkuchoka.

Lachiwiri, 13 Febuluwale

Pamjigo ndangofika onse chete. Potembenuka ndamva wina, "Mkazi wa Kadzidzi uyo." Kusukulu mwana wa mchemwali wake wa Zuwena wakana kulandira choko m'manja mwanga.

Ndipo imvani izi. Che Hamadi anakadandaula kupolisi. Kampani yayankha kuti Zuwena amaba chimanga, anasenza thumba, makina anamuona. Thumba! Mkazi wopsa ndi phala pakhosi! A Meja sanapondeko kuchipatala, ngakhale kutumiza sopo. Koma akuti Loweruka likubwerali ali ndi alendo ochokera ku Blantyre, eni maesiteti ena, odzaona mmene makina akugwirira ntchito. Akufuna kuitanitsa ena. Ndiye Zuwena akakhala wosalakwa, malonda awonongeka. Nkhani yonse ndi imeneyo.

Lachinayi, 15 Febuluwale

Anena. A B anena kupolisi kuti anaona thumba.

Anandiuza okha, maso pansi, akuvula nsapato. Akuti a Meja anawatengera pa galimoto yawo, kumpando wakutsogolo, nkuwauza zokanena. Akuti, "Ndikanakana ntchito ikanatha lero lomwe. Mwezi uno wa njala. Inu malipiro anu a uphunzitsi amabwera akafuna. Happiness adya chiyani?"

Asandiuze za Happiness! Ndinakuwa mpaka amayi anga anatuluka m'nyumba mwawo. Ndati mwana wanga sadya chimanga chothira magazi a Zuwena. Ndati munandiuza nokha kuseri uku kuti chinali chamoto. Ati zimene mwamuna wauza mkazi wake si umboni. Pamenepo ndiye zinandikwana. Ndinalowa, ndatenga yunifolomu yawo, chipewa, bulangete, chikwama chija anabwera nacho podzakwatira, zonse panja. Pano mpamudzi pathu, nyumba iyi ili pa dothi la amayi anga. Akagone kwa Kadzidzi wawoyo.

Amayi ati ndapupuluma, nkhani zotere zimafuna ankhoswe. Ankhoswe adzasoka mwendo?

Loweruka, 17 Febuluwale

Magalimoto a ku Blantyre adutsa, matope mpaka m'mawindo. Happiness akufunsa kuti adadi ali kuti. Ndati kuntchito. Nanenso ndayamba kunama tsopano.

Lolemba, 19 Febuluwale

Akuti a B akugona m'shedi ya matrakitala. Mlonda wina wandiuza pamsika kuti Kadzidzi anamupatsa munthu wina, iwo anakana kumunyamulanso, ati maso akuwawa. Zawo zimenezo. Kukana kunyamula nkosavuta.

Mtima ukundiwawabe, koma mbale yawo ndinaitsuka nkuika pamalo pake. Sindikudziwa chifukwa chake. Zandikwiyitsanso.

Lachitatu, 21 Febuluwale

Asilamu amasula, lero chikondwerero. Zuwena anamutulutsa dzulo. Ndinapita masana. Ana avala zatsopano zosoka bambo awo, mpunga ukununkhira, iye ali pamkeka mwendo uli pa pilo. Adokotala akuti adzayenda koma motsimphina. Dimba lake la kumtsinje, adzalima bwanji?

Che Hamadi anandipatsa moni wouma. Akuti kupolisi awauza kuti pali mboni yoti panali thumba, ndiye popanda mboni ina nkhani ikhoza kutembenukira mkazi wawo. Wolumidwa ndi iye, wakuba ndi iyenso.

Ndinayang'ana mwendo uja. Ndinanena zonse. Kuti wonyamula makina anali amuna anga, kuti anaona chamoto pamutu, kuti anauza kapitawo, kuti kupolisi ananama. Che Hamadi anaimirira nkutuluka panja. Zuwena anati, "Ndiye anadziwa kuti ndine munthu." Ndati ee. Ati, "Iwe ukanena zimenezi kupolisi? Ndi amuna ako, Alesi." Ndati ndikanena. Anandikankhira mbale ya mpunga. Ndinadya.

Pobwerera ndinatuma uthenga kushedi kuti mawa ndikupita kupolisi ndi Che Hamadi. Asadzati ndinawabaya kumsana.

Lachinayi, 22 Febuluwale

Ndapempha kwa ahedi, ana ndawasiyira anzanga. Titafika pamsewu ndi Che Hamadi, tapeza a B ataima kale pa siteji. Malaya awo abuluu a kutchalitchi, osasita. Ndevu osameta. Awonda.

Ati, "Amayi a Happiness, mukupitadi?" Ndati mukundiona. Ati, "Inu kunalibeko. Akakufunsani mbali imene anachokera, musokoneza." Ndati ndisokoneze, bola sindinama. Anayang'ana Che Hamadi, anavula chipewa. Che Hamadi anayang'ana kumbali.

Minibasi itaima, analowa pambuyo pathu.

Ndikulemba izi pa benchi la panja kupolisi. Wapolisi atafunsa kuti mboni ndi ndani, ndinayamba kudzuka, koma a B anali ataimirira kale. Ati, "Ndine. Ndinabwera Lachinayi lapitali, ndinanena zabodza." Wapolisi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkuti kodi mukudziwa kuti umenewo ndi mlandu? Ati akudziwa.

Alowa. Chitseko atseka. Che Hamadi asendera pa benchi kuti ndikhale bwino.