Sopo Wopanda Ulusi Wofiira

Kwa Bambo, amuna a malemu Mai Nyambitani, ana ndi abale onse, komanso kwa onse amene mumagula sopo ndi makandulo kwa mamembala athu,

Ife a Bungwe la Opanga Sopo ndi Makandulo a Pamanja tinalandira ndi mantha aakulu komanso chisoni chosaneneka uthenga wa imfa ya mayi wathu ndi mphunzitsi wathu, mmodzi wa amene anayambitsa bungweli, amene anagwa ali pa ntchito m'chipinda chawo chopangira sopo Lolemba la sabata yatha, natisiya Lachinayi ali m'chipatala. Tikudziwa kuti kalata ino yachedwa, ndipo mwina ena mwadabwa kuti bungwe limene malemuwa analitumikira zaka khumi ndi zisanu langokhala duu mpaka lero. Sikuti tinaumitsa mtima ayi. Masiku apitawa tawathera mu msewu, tikugogoda pa zitseko za eni mitima ili m'mwamba.

Malemuwa anayamba ntchitoyi ndi ndowa imodzi, sikelo yobwereka ndi chikombole chimene anachipanga kuchokera ku dirowa ya tebulo lothyoka, koma pofika tsiku la imfa yawo anali ataphunzitsa amayi ndi abambo oposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo ambiri mwa iwo lero akudyetsa mabanja awo ndi luso limenelo. Ndiwo anatiphunzitsa kupana chingwe cha kandulo ndi chopanira zovala kuti chikhale pakati penipeni phula likamauma. Ndiwo anatikalipira mpaka tinamva kuti phula likagwira moto sathirapo madzi, amangovundikira mphika. Ndiwonso anatikakamiza kuvala magolovesi pogwira soda wa sopo, uja amene akangogwera pa khungu amatentha ngati moto. Sanali munthu wofatsa, ndipo tikanena kuti anali wofatsa abale angatitsutse. Anali munthu wowopa kupweteka mnzake, ndipo mantha amenewo ndiwo ankawakweza mawu.

Dzina lakuti Mai Nyambitani tinawapatsa ndife, ndipo iwo ankaliyankha monyadira. Sopo akatuluka m'chikombole amakhala akadali waukali, choncho amamuika pa shelefu milungu isanu ndi umodzi kuti akhwime, soda aphwe mphamvu. Ambirife masiku akakwana timangokulunga n'kukagulitsa. Iwo ayi. Chidutswa chilichonse ankachigunditsa ku nsonga ya lilime, ndipo chikawaluma ngati batire ankachibweza pa shelefu yapansi. Chimene sichinawalume ankachimanga ulusi wofiira, n'kuchikweza pa shelefu yapamwamba.

"Nyambitani kaye!" ankatero akabwera kudzationa pa ntchito.

"Mai, kunyumba atiseka, akuti tayamba kudya sopo."

"Akusekeni, bola mwana wa mwini asalire."

Ndipo aliyense wogula, kaya ali pa changu kaya mvula ikumunyowetsa, ankamuimika pa khomo kuti amve chiphunzitso chomwechomwecho: "Sopo wopanda ulusi si wanga, ngakhale mutam'peza m'nyumba mwanga." Tikuvomera mwamanyazi kuti mawu amenewa tinkawayeserera iwo akatembenuka, tikuseka.

Tsopano tiyenera kufotokoza poyera zimene zinachitika, pakuti mphekesera zayamba kale kuyenda, ndipo zonse zikugwera munthu mmodzi, mchemwali wa Bambo, amene anagwira ntchito ndi malemuwa zaka zisanu ndi zinayi, amene tonsefe timangowatchula kuti Alamu chifukwa ndimo mmene malemuwa ankawaitanira.

Lolemba lija malemuwa anakonza zopanga sopo wa zikombole ziwiri. Soda wa zikombole zonse ziwiri anamusungunula mu ndowa imodzi, koma mafuta anawayeza m'zigubu ziwiri. Chigubu choyamba anachikhuthulira mu mphika, chachiwiri anachiika kuseri kwa chitseko, ndipo asanachitenge anagwa. Alamu anali m'chipinda china akudula zingwe za makandulo, ndipo za zigubu ziwirizo sankadziwa. Ali m'galimoto kupita kuchipatala, malemuwa anawagwira mkono, lilime litalemera kale, nati, "Alamu, soda ali m'ndowa. Mafuta aja asawonongeke." Amenewo ndiwo anali mawu omaliza amene Alamu anamva kwa iwo.

Ndani pakati pathu akanakana pempho lotere? Masana a tsiku lomwelo Alamu anabwerera, navala magolovesi, nakhuthulira ndowa yonse ya soda mu mphika umene munali theka chabe la mafuta. Anatakasa misozi ikutsika. Anaona kuti sopoyo walimba msanga kuposa masiku onse, koma mutu wawo unali kuchipatala. M'mawa mwake anadula zidutswa makumi anayi, zoyera mbee, zolimba ngati sopo wa miyezi itatu, naziika pa shelefu yapansi monga mwa lamulo la m'chipindamo.

Loweruka titabwerako kumanda, mwana wamkulu wa malemuwa, amene amagwira ntchito ya mu ofesi kutali ndipo za mashelefu sakuzidziwa, anafuna kuthokoza amene anabwera. Analowa m'chipindamo, nasankha sopo amene anaoneka wokongola kuposa onse, namukulunga bwinobwino m'mapepala, n'kumagawa pa geti. Ife opanga sopo, amene tikanayenera kutsegula pepala ndi kuyang'ana, tinangolandira ndi manja awiri n'kuponya m'zikwama. Wapampando amene akulemba kalata ino ndi mmodzi wa iwo.

Lamulungu m'mawa mlembi wa bungwe anaimba foni akulira kuti manja ake apsa ndi sopo wolandira pa geti uja, khungu likusupuka pakati pa zala. Alamu atamva anathamangira m'chipinda chija, napeza pa shelefu yapansi zidutswa zija palibe, naitana mwana wa malemuwa uja.

"Mwanawe, sopo anali apayu ali kuti?"

"Ndinagawa, azakhali. Si uja woyera bwino uja? Ndalakwitsa?"

Alamu anatola kanyenyeswa kamene kanatsalira pa thabwa lodulira, nakagunditsa ku lilime, ndipo anachita kulumpha, pakuti sikanangoluma, kanatentha. Pobwerera m'mbuyo anagunda chitseko, chitsekocho chinasuntha, ndipo anachiona chigubu chachiwiri chija, chodzaza, chili ndi kapepala kolembedwa ndi dzanja la malemuwa kuti "chachiwiri". Pomwepo anazindikira kuti zidutswa makumi anayi za moto zalowa m'nyumba za anthu, zili pa mabeseni ndi m'mabafa, ndipo amene anazipanga ndi iwo.

Tinagawana misewu tsiku lomwelo. Ena anaimba mafoni, ena anayenda wapansi, ndipo pa khomo lililonse mawu oyamba sanali moni koma akuti, "Sopo uja mwasambira?" Telala wina wachikulire tinam'peza khosi litafiira, ndipo tinapita naye kuchipatala. Mayi wina anali atachapira malaya, zikhatho zitatupa. Ambiri, mwamwayi, anali atangomusunga ngati chikumbutso. Pofika Lolemba madzulo zidutswa zonse zinali zitabwerera pa tebulo la m'chipindamo, kupatula chimodzi.

Mwana wa malemuwa ndi amene anakumbukira kumene chinapita, ndipo atakumbukira anadzigwira pakamwa.

"Azakhali, panali mayi wina wamng'ono, wa khanda lovala kachipewa kachikasu. Anati mwana wake amasambira sopo wa amayi yekha basi, chifukwa wina aliyense amam'tulutsa zilonda. Ndinachita kumusankhira chachikulu."

Alamu ankamudziwa mayiyo nkhope yokha. Ankabwera wapansi kamodzi pa mwezi, n'kucheza ndi malemuwa pa khomo, koma dzina lake, kumene amakhala, kapena nambala yake, zonsezo zinapita ndi malemuwa. Khandalo linali la miyezi inayi. Ife amene tinaona zimene sopoyo anachita pa manja olimba a mlembi, munthu wogwira soda tsiku ndi tsiku, sitinafune n'komwe kuganiza za khungu la mwana wa miyezi inayi, koma palibe china chimene tinkaganiza.

Kuyambira pamenepo Alamu sanadye. Lachiwiri kutangocha anali kale pa siteji ya basi, akusuzumira kumsana kwa mayi aliyense wobereka mwana, mpaka ena anayamba kuwayang'ana ngati wakuba ana. Anafunsa ogulitsa zipatso, anafunsa wometa tsitsi wa pa kona, anafunsa mlonda wa pa sitolo. Aliyense ankati kachipewa kachikasu anakaonapo, koma palibe ankadziwa kumene kamalowera. Masana anapita kuchipatala, nakakhala pa benchi ya kumene amaonera ana, ndipo mwana aliyense wolowa akulira, mtima wawo unkaima. Wina analowa atamangidwa bandeji pa mkono, ndipo Alamu anaimirira n'kugwira khoma, mpaka anamva mayi wake akuuza namwino kuti ndi madzi otentha. Anatiuza pambuyo pake kuti anachita manyazi ndi mpumulo umene anaumva, poti mwanayo nayenso anali wa munthu.

Bambo anakawatenga dzuwa likupendeka.

"Achemwali, tiyeni kunyumba. Mudzipha nazo izi."

"Achimwene, akazi anu anandisiyira ntchito imodzi yokha. Imodzi. Mwana ameneyu akapsa, ine ndidzayang'ana bwanji anthu?"

Lachitatu tinasonkhana m'chipinda chopangira sopo kuti tilembe chidziwitso chokamata m'misewu. Alamu anakhala pa mpando wa malemuwa maso ali pa zidutswa zija, akuziwerenga mobwerezabwereza ngati kuti mwina chosowacho chingatulukire pakati pa zinzake. Cha m'ma leveni tinamva odi pa khomo. Alamu anatembenuka, naona kachipewa kachikasu.

"Pepani, ndabwera ndi kadandaulo pa nthawi yolakwika," anatero mayiyo, akufunyulula pepala. "Sopo munandipatsa uja alibe ulusi. Ndinam'tsegula Loweruka lomwe lija, madzi nditatenthetsa kale, mwana nditam'vula. Ndiye ndinakumbukira mai aja, mmene ankandiimikira pa khomopa. Ndinangom'sambitsa madzi okha. Ndimaopa kubwera msanga poti muli pa chisoni. Kapena munangoiwala kumanga?"

Alamu anatambasula manja, mayiyo anawapatsa mwana modabwa, ndipo iwo anam'vula kachipewa, nam'yang'ana m'khosi, m'khwapa, kumsana, pakati pa tizala ta kumapazi. Khungu lonse linali see. Mwanayo anawagwira mphuno, ndipo apo m'pamene Alamu analira maliro a mlamu wawo, amene chiyambire Lamulungu analibe mpata wowalira.

Mayiyo anapita ndi chidutswa cha pa shelefu yapamwamba, chimodzi mwa zochepa zimene zatsala zomangidwa ndi dzanja la malemuwa. Zidutswa makumi anayi zija taziwononga tonse tikuona.

Kwa inu a pabanja, tikupempha modzichepetsa kuti pasapezeke woloza chala Alamu, amene analakwa pomvera mawu omaliza a munthu amene ankamukonda, kapena mwana wa malemuwa, amene analakwa pofuna kuthokoza. Ngati pali oyenera kuweramitsa mitu, ndife, amene tinamva chiphunzitso chija kwa zaka khumi ndi zisanu n'kumachiseka, pamene mayi wongodutsa pa khomo kamodzi pa mwezi anachisunga. Kwa amene munapsa, tikupepesa kuchokera pansi pa mtima, ndipo tipitiriza kukuyenderani mpaka mutachira.

Sitikubisirani kuti tikadali ndi mantha. Tazindikira kuti kwa zaka zonsezi chimene chinkaima pakati pa ndowa zathu za soda ndi ana a anthu chinali lilime la mayi mmodzi, ndipo mayiyo tamuika m'manda. Choncho mamembala onse tagwirizana kuti kuyambira lero sopo wa aliyense wa ife sadzatuluka pa khomo asanayesedwe ndi kumangidwa ulusi wofiira, ndipo inu ogula, mukadzapeza wopanda ulusi, mudzam'bweze ngakhale atakupatsani wapampando.

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, tikupereka chipepeso chathu kwa inu Bambo, amene mwataya mnzanu wa moyo wonse, kwa ana, kwa Alamu ndi kwa abale onse, ndipo tikukufunirani mphamvu ndi mtima wopirira m'masiku ovuta amene akubwerawa, pamene anthu adzabalalika, nyumba n'kukhala zii. Musadzaope kutiitana. Mpukutu wa ulusi uja ukadali pa msomali pamene iwo anaupachika, ndipo sopo amene anamusiya pa shelefu akukwanitsa milungu yake Lachisanu likudzali. Alamu anena kuti adzamunyambita okha, chidutswa chimodzichimodzi.

Mzimu wa Mai Nyambitani uuse mu mtendere.

Ife anu pa chisoni chimenechi,

Wapampando,
Bungwe la Opanga Sopo ndi Makandulo a Pamanja