Tchalitchi cha Pamchenga

Kilvarra, Novembala 1843

Wokondedwa mlongo wanga Ranald,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku London kuja. Kodi phazi lija linaleka kutupa, kapena ukadali kulimbana ndi madokotala pa nkhani ya vinyo? Alamu anga a Henrietta ndi ana akudzuka bwanji? Kuno ine ndi ana tilipo. Koma amuna anga, alamu ako a Ninian, chifuwa chawagwira ndipo sichikuwasiya.

Sindikulemba kuti tikangane za mpingo. Iwe umati mwini nthaka ndiye azisankhira anthu ake mbusa, monga ankachitira bambo. Alamu ako amati akhristu azisankha okha, n'chifukwa chake anatuluka mu mpingo wa boma pamodzi ndi abusa anzawo. Tinasiya nyumba ya abusa, tikukhala kwa mayi wamasiye uja, Kirsty Bain. Anthu a m'chigwa chino anatitsatira pafupifupi onse. M'tchalitchi chakale mwatsala a Gow, kapitawo wako, ndi galu wawo.

Nthaka yonse, kuyambira kuphiri mpaka kunyanja, ndi yako, ndipo unalamula kuti tisapatsidwe ngakhale poimika msasa. Ndiye timapemphera pamchenga. A Gow anavomera okha, monyinyirika, kuti malo amene nyanja imamiza ikadzala si ako. Ikaphwera timatsika ndi masalimo athu, ikayamba kubwerera timathawa.

Ukukumbuka momwe unkadandaulira kuti mlamu wako akayamba kulalikira saona poimira? Zimene unalephera iwe, nyanja yazitha. Sabata lapitali anali pakati pa mfundo, madzi n'kufika m'nsapato za akulu a mpingo. Kirsty anakweza mawu, akuti abusa, Mulungu wamva kale, nenani ameni tisanabatizidwe kachiwiri. Tinaseka tonse, ngakhale abusawo.

Kuseka kuja kunathera m'chifuwa. Alamu ako anatsokomola mpaka kugwada, ndipo pa mpango umene ndinawapatsa panali magazi. Amalalikira mutu uli pamtunda, chipewa chili m'manja, mvula yamatalala ikuwamenya. Dokotala wa ku Inverness wandiuza mosapita m'mbali kuti akapitiriza kuima panja m'chisanu chikubwerachi, sadzakhala moyo mpaka kuona nkhosa zikuswa chisanu chikatha.

Ndinawapempha kuti apumule. Anandiyankha kuti malinga ngati nkhalamba zikuima m'madzi kudikira Mawu, iwo sangakhale pamoto n'kumawotha. Ndinawakalipira, Ranald, ndinawatcha ouma mutu, ndinawauza kuti iwo ndi iwe mukadabadwa mimba imodzi. Ndili ndi mantha, ndipo ndakwiya nanu nonse awiri.

Tsopano ndikukumbutse za kwathu. Chithunzi chija cha m'chipinda chodyera, chimene umakonda kuonetsa alendo, ndi cha agogo a agogo athu, a Dona Lilias. Umawauza kuti anali mayi wolimba mtima, amene anatsekera asilikali a mfumu pakhomo. Chimene umadumpha n'choti munthu amene ankamubisayo anali mwamuna wawo, mbusa, mwana wa wowomba nsalu, amene ankasakidwa chifukwa cholalikira kuthengo. Abale a Dona Lilias anawakana, ndipo anaberekera mwana wawo woyamba m'khola la nkhosa. Mwana wa m'khola uja ndiye anadzalowa dzina limene ukunyadira nalo lero, amalume ake atafa opanda mwana.

Pamene ndinkakwatiwa unandiuza kuti ndatsitsa banja. Sindinakuyankhe, poti unali mwana ndipo kolala ya malaya inkakufinya m'khosi. Lero ndikuyankha: magazi a mbusa uli nawo iwenso, ine ndinangobwerera kumene tinachokera.

Dzana ndinapita kwa a Gow. Ndinaima pakhomo pa ofesi m'nyumba imene ndinabadwira, ndikupempha nkhokwe yaikulu yakugwa ija ya kumtsinje, imene ngakhale ng'ombe zinaisiya, kuti tizipemphereramo. Anthu athu akuti aifolera okha. A Gow anandipatsa mpando, n'kundiuza mwaulemu kuti lamulo la bwana ndi lamulo. Akuti ine ndekha ndikhoza kubwerera m'tchalitchi chakale, mpando wa banja ukundidikira. Kenaka, pofuna kunditonthoza, anati ndisadandaule, zinthu zikavuta bwana sangakanize mlamu wake malo m'manda a banja, pafupi ndi bambo ndi mayi.

Ndiye nthaka ya Ninian ilipo, mlongo wanga, unaisunga kale. Ine ndikupempha kuti umupatse akadali moyo. Sindikuti uvomereze kuti iye ndiye akulondola, kapena ubwere kudzamumva. Lembera a Gow mawu ochepa okha, kuti atsegule nkhokwe ija. Ndinakubereka kumsana mayi akudwala, ndipo sindinakupemphepo kanthu chikwatiwire. Ukakhala chete, a Gow adzakulembera okha za malo enawo, ndipo pamenepo udzavomera msanga.

Undiperekere moni kwa onse a m'nyumba mwako. Ninian amakutchula dzina m'pemphero Sabata lililonse, ndipo anthu amayankha ameni, ena mokukuta mano. Mulungu akusunge, akupatse mtima wofewa ndi dzanja lofulumira, chifukwa chisanu chayamba kale kuyera pamwamba pa phiri.

Ndine mlongo wako,
Euphemia Tolmie